Fyuzi ya m'Chipewa

Bambo a kuseri kwa mpanda amati galimoto ili ngati mwana: ikalira, iwo amadziwa pamene pakupweteka. Sipanala sichoka m'thumba mwawo, ngakhale pamaliro. Kwa iwo munthu aliyense ndi wakuba, ndiye madzulo aliwonse amazula fyuzi ya pampu ya petulo m'galimoto yawo n'kuisomeka m'chipewa.

Tsiku lina m'mawa mayi wa nyumba yoyandikana nawo anawagogodera kuti amuthamangitsire kuchipatala, khanda lake likutentha ngati mbaula. Bambowo anapotokola kiyi. Injini inangoti tchetchetche, osadzuka.

"Mapulagi awa," anatero akutsegula boneti. Anawamasula, kuwauzira, n'kuwabwezera. Tchetchetche.

"Ndiye ndi petulo wa masiku anoyu, mwanangu. Madzi okhaokha."

Khosi la khandalo linali litayamba kulefuka. Mayiyo, amene amawaona pawindo madzulo aliwonse, anaika ulemu pambali.

"Bambo, vulani chipewa."

"Ndivulire ndani?"

"Vulani!"

Fyuzi inagwera pansapato pawo. Ataibwezera, injini inadzuka nthawi yomweyo.

Kuchipatala namwino anati akanachedwa pang'ono zikanakhala zina. Mpaka lero bambowo amauza aliyense kuti mwana uja ali moyo chifukwa iwo amadziwa injini.