Kabuleta Yosamuka ndi Atsekwe

A Orrin Haugland anaweta ng'ombe zamkaka moyo wawo wonse kumpoto kwa Minnesota. Mawondo atayamba kudandaula anagulitsa ng'ombezo, koma chizolowezi cholawirira sichinapeze wogula. M'mawa uliwonse ankalowabe m'khola kapu ya khofi ili m'manja, n'kupeza muli zii. Atakumbukira kuti ali mnyamata anaphunzirapo kuulutsa ndege, anayamba kupanga yawo.

Inali ya matabwa ndi nsalu, injini yake yochotsa m'galimoto yakale. Inadya zaka. Akazi awo, a Verna, ankati bola ng'ombe, chifukwa zikadya zinkabwezako kanthu.

Chaka china, masamba atayamba kufiira, ndege inatha. Chinatsala n'chimodzi: injini inkatsokomola. Chipale chofewa chikagwa, dambo la kuseri kwa khola, lomwe ndege ikanathamangirapo ponyamuka, limatsekeka mpaka matope a chaka chinacho atauma, ndipo pa msinkhu wa a Orrin munthu salonjeza za chaka chamawa. Ankafuna kuuluka chipale chisanagwe.

Vuto linali pa kabuleta, kachitsulo kosakaniza mafuta ndi mpweya injini isanameze. Anakaigula pamsonkhano wa opanga ndege m'nyengo yotentha, ndipo anaisankha mmene ankasankhira ng'ombe pamsika: yaikulu kuposa zinzake, yonenepa khosi. Koma pakhosi lotakasuka chotero mpweya unkangodutsa mwaulesi, osakoka mafuta bwino. Akamangirira mchira wa ndege kumtengo n'kuponda moto, injini inkati khokho, n'kuzima.

A Duane Pokorny, a pamunda woyandikana nawo, ankabwera kudzapukusa pulopela ya kumphuno kwa ndege kuti injini ilire, ndi kudzaseka.

"Akulu, mwana mwamugulira nsapato za bambo ake," anatero. "Ndiye mukudabwa kuti akugwa?"

A Orrin anayankha kuti mwana amakula. A Duane anati injini yokha ndi imene sikula.

Tsiku lina masana a Verna anadutsa pa thirakitala yawo yaing'ono, yakale kuposa ukwati wawo, akukoka ngolo ya maungu. Thirakitalayo inkalira mofatsa ngati mphaka wokhuta. A Orrin anaiimitsa, anagwada pambali pake ngakhale mawondo ankakana, n'kuyang'anitsitsa. Kabuleta yake inali yaing'ono, yolendewera m'munsi, yolandira mafuta ongotsika okha kuchokera muthanki, ndendende mmene ndege inkafunira.

A Verna anawaona maso n'kudziwiratu. Anawakumbutsa kuti thirakitala imeneyo ndi imene imakankha chipale kuchoka pakhomo kukafika kumsewu, ndipo iwo sadzajomba kutchalitchi chifukwa cha mbalame ya matabwa. A Orrin anachonderera mpaka khofi anazizira.

"Chabwino, bwerekani," anatero a Verna. "Koma kachipale koyamba kakangotera pachipewa changa, ibwerere kwawo. Ndipo maunguwa mututa ndinu, pa wilibala."

M'mawa ankatuta maungu, masana ankagwira ntchito. Anasema kachitsulo kafulati kuti mabowo a mabawuti a kabuletayo akumane ndi a injini ya ndege. Anakulunga lata paekizozi kuti kabuleta izipuma mpweya wofunda, poti khosi lake limatha kuundana madzi m'kati kukakhala chinyezi. Bawuti iliyonse anaimanga ndi waya kuti isamasuke m'mwamba, kumene kulibe pambali poimika. Kenako anayamba kusintha kabowo kotulukira mafuta, n'kumamasula mapulaga kuti aone mtundu. Akakhala akuda, ndiye kuti injini yadya mopitirira. Akayera mbuu, ili ndi njala. Iwo ankafuna mtundu wa khofi wothira mkaka.

Apo n'kuti chimanga chitakololedwa, m'mawa udzu ukuyera ndi chisanu. Atsekwe ankadutsa mizeremizere kulowera kumwera, akulira. A Verna akamayanika zovala ankayang'ana kumpoto kochokera chipale, a Orrin n'kumayang'ana a Verna.

Mapulaga anafika pa mtundu wa khofi uja. Mkulu wa boma woyendera ndege anabwera, anagogoda uku ndi uku, anafunsa kumene kabuleta inachokera, anayang'ana thirakitala yosweka mtima ili pakona, n'kuvomereza.

Tsiku lotsatira kunacha kuli mitambo yotuwa, mphepo ikununkha chipale. A Duane anapukusa pulopela, ndipo ulendo uno sanaseke. Injini inalira mofatsa ngati thirakitala. Ndege inathamanga m'dambo, inadumpha kamodzi, kenako udzu unasiya kugunda matayala.

Ali m'mwamba, a Orrin anaona khola lawo lili ngati bokosi la machesi, ndi tinjira timene ng'ombe zinaponda kalekale tikuonekabe m'busa. Gulu la atsekwe linawapeza, n'kuwapitirira osawayang'ana n'komwe.

Atatera anapeza a Verna ataima kumapeto kwa dambo, sipanala ili m'manja. Pachipewa cha a Verna panali kanthu koyera, kachipale koyamba.

"Injini ikadali yotentha, Verna," anatero a Orrin, misozi ya mphepo ili m'masaya.

"Ndaphika khofi. Akatha, muyambe kumasula kabuleta yanga."

Kuyambira chaka chimenecho kabuletayo imasamuka kawiri pachaka. Atsekwe akamapita, imabwerera kuthirakitala. Akamabwera, a Orrin amaoneka akudutsa pabwalo ataifukata m'kansalu, a Verna ali pawindo kuwakumbutsa kuti n'chobwereka.