Galu amene ndinawasiyira

Ndinaganiza zopita ku Nacala ntchito yanga yowotcherera zitsulo itatha ku Moatize. Nyumba yathu ya ku Muthemba, mumzinda wa Tete, inalibe mpanda, choncho ndisananyamuke ndinagula galu woti azilondera mkazi wanga Celina ndi mwana wathu Tina, yemwe anali atangoyamba sukulu. Tina anamutcha Piloto. Ine ndinakwera basi ndikudziona ngati bambo woganiza patali.

Ku Nacala tinkagona anayi m'chipinda chimodzi, aliyense maso pa foni yake. Ndalama ndinkatumiza mwezi ukatha, mawu ndinkatumiza tsiku lililonse. Tina ankayankha mpaka foni kutentha, nkhani zake zonse za Piloto: wadya sopo, wagona naye pamphasa.

Kenako Celina anandiuza kuti mwana watentha thupi. Teste ya malungo sinaonetse kanthu. Patapita masiku khosi linauma, mwanayo n'kuyamba kugwa ngati wakhunyu, ndipo anamugoneka m'chipatala. Dokotala anapeza kachilonda kakuda kuseri kwa khutu, n'kufunsa ngati pakhomo pali galu. Anati nkhupakupa inamuluma, ndipo tizilombo timene inamusiyira tafika ku ubongo.

"Musasiye ntchito, bambo a Tina, akupezako bwino," anatero Celina. Ndinamvera msanga, chifukwa ndi zimene ndinkafuna kumva.

Atatuluka m'chipatala, mawu a Tina anasiya kubwera. Zinkabwera zithunzi zokha. Ndikafunsa, Celina ankati mwanayo wayamba manyazi. Ine ndinapitiriza kumuimbira tinyimbo ndi kumufunsa za kusukulu.

Ndinabwerera pa feriya, tchuthi cha kuntchito, masana a dzuwa la ku Tete lija lofewetsa phula. Tina anali pakhonde, atandipatsa msana, akuchapa chidole m'beseni. Ndinamuitana ndili pamsewu. Ndinaitananso mokweza, mpaka oyandikana nawo anasuzumira. Sanacheuke.

Celina anatuluka, manja ali ndi thovu. "Makutu anapita ndi matenda aja," anatero. "Mukanabwera, tikanadya chiyani?"

Anandiuzanso kuti mawu anga onse ankamutsegulira, ndipo Tina ankagunditsa foni patsaya kuti amve kunjenjemera kwake. Zinandiwawa kwambiri, koma sindinamukalipire. Mkwiyo wanga unapita kwa galu. Ndinati mawa ndikamutaya kutsidya kwa mlatho.

"Dikirani muone kaye," anatero Celina.

Madzulo ndinapita kukagula buledi. Pobwerera ndinaona Piloto, yemwe masiku ano amasambitsidwa ndi mankhwala a nkhupakupa, atagona pamiyendo ya Tina. Atamva mapazi anga anaimika makutu. Tina anayang'ana makutuwo, n'kutembenukira kumene analoza, ndipo anandiona. Galimoto ikamabwera, anatero Celina, amadziwanso motero.

Galuyo sindinamutaye. Ndikafika pakhomo sindiitananso mwana wanga. Ndimaimba mluzu kuti Piloto amve, iye n'kukamuuza.