Mtanda Wauwisi wa a Uumekaye

Achimwene anga ndi injiniya wa nyumba za matabwa, ndipo akalipentala onse amene anagwirapo nawo ntchito amawatchula kuti a Uumekaye. Dzinali anadziputira okha ndi pakamwa pawo. Munthu abwere ndi changu chotani, kaya ukwati wayandikira kaya mvula ili pafupi, iwo amagogoda thabwa ndi chala, n'kulinunkhiza, n'kunena kuti liume kaye. Amati mtengo wauwisi umavomera zonse tsiku loukhoma, koma ukayamba kuuma umapindika, umang'aluka, n'kulavula misomali.

Ine mlongo wawo ndinkangoti ndi matenda. Munthu wanji wolowa m'nyumba ya eni, moni asanapereke, maso ali kale kudenga? Ankalondola kulemera kwa nyumba ngati akulondola wakuba: malata atula pa phaso, phaso pa mtanda, mtanda pa nsanamira, mpaka pansi. Akazi awo, alamu anga, ankaseka kuti tsiku lodzawafunsira mwamunayu anayang'ana denga la kwawo kuposa mkazi. Nyumba yawo anajambula okha, koma banja linapanikizana m'kachipinda kobwereka mpaka mwana woyamba anayamba kuyenda, ati matabwa akuuma. Alamu anadikira. Anadikiranso khonde, anadikira mashelefu a kukhitchini, moyo wawo wonse unali wodikira mitengo.

Matenda atawalowa alamu m'mafupa, ndinatseka makina anga osokera n'kudzakhala nawo. Kuwanyamula kunali kosatheka. Ngakhale powatembenuza pabedi ankaluma nsalu kuti adzukulu asamve. Ndiye mayi amene ankalamulira pabalaza, wodziwa amene wakhuta ndi amene wakwiya, anatsekeredwa kuchipinda chothina. Odzawazonda ankalowa mmodzimmodzi n'kumanong'ona ngati afika kale pamaliro, koma akatuluka, nkhani ndi kuseka zinkayambira kuseri kwa khoma. Zinkandipweteka kuwaona atatchera khutu ku matabwa.

Tsiku lina m'mawa anaitana amuna awo. "Bambo a ana, ndatopa kumva anthu anga ngati wailesi. Chotsani khomali."

Khomalo ndi limene linkasenza denga lonse. Kuti lichoke panafunika mtanda waukulu wopingasa pamwamba, wokhala pa nsanamira ziwiri. Achimwene anazungulira konse kocheka matabwa, koma wouma wa kukula koteroko sunapezeke. Unalipo umodzi wongochekedwa kumene, utomoni ukadali kudontha, wofunika miyezi yambiri pamthunzi. Adokotala anali atatiuza kale kuti alamu miyezi yoteroyo alibe.

Ine ndinapsa mtima pasadakhale. Ndinati angoyerekeza kutchula mawu awo aja, andimva, ukulu tiuika pambali. Koma sanawatchule. Anakhala pathebulo ndi pensulo, anawerengera mwatsopano, anati mtanda usapalidwe kwambiri kuti utsale wonenepa, nsanamira nazo anazikulitsa. Kalipentala wawo wakale, atauona ukutsitsidwa mu lole, anaganiza kuti akumuyesa.

"Bwana, wauwisitu uwu."

"Ndauona. Kwezani."

Anachirikiza denga ndi mizati yongogwirizira, anaphimba alamu ndi nsalu kuopa fumbi, n'kuzula matabwa a khomalo limodzilimodzi, mosagogoda kwambiri. Dzuwa lisanapendeke, bedi lija linali likuyang'ana pabalaza.

Abale inu, mayi uja anadzuka mtima. Anayamba kundidzudzula kasesedwe, kuweruza milandu ya adzukulu, kufunsa mlendo aliyense chifukwa chake waonda. Nyumba yonse inkanunkhira mtengo watsopano. Ankati akaona amuna awo akuba maso kuyang'ana m'mwamba, ankawaseka kuti a Uumekaye agwa nayo, akalamba ndi mbiri yabwino n'kudzaiwononga chifukwa cha mkazi. Achimwene ankangomwetulira n'kuwakonzera pilo. Sizinatenge nthawi yaitali. Alamu anatisiya dzuwa likuswa mtengo, pabalaza pali phokoso la ana, maso awo ali kwa anthu awo.

Mtanda uja wachita zonse zimene mwini wake ankaphunzitsa anthu. Wang'aluka m'mbali, wapotoka, pakati wawerama moti ngakhale ine wosoka madilesi ndimaona. Kukatentha umalira, thee, ngati wina wathyola nkhuni. Chitseko cha kukhitchini, chimene sichinakanepo kutseka chimangire nyumbayi, tsopano chimafuna phewa. Kalipentala uja, chifukwa cha manyazi a abwana ake, anapeza mtanda wouma bwino n'kudzausiya pakhonde, ati ntchito yake ndi ya tsiku limodzi basi.

Achimwene anamuthokoza, koma tsikulo silifika. Ntchito anachepetsa, amangokhala pampando pansi pa mtanda wokhotawo, tiyi n'kuzizira m'manja. Ndinawalankhula mofatsa, kenako mokalipa. Ndinati anthu akuseka, injiniya wamkulu kukhala m'nyumba yopindika. Anati sungagwe, anauwerengera. Ndinati nanga akuusungiranji, poti wabwino uli pakhomo pomwepo.

Anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, kenako anati, "Achemwali, zaka zonse zija ndinamudikiritsa pa chilichonse. Ichi chokha ndicho sindinamudikiritse."

Sindinayambitsenso nkhaniyo. Mtanda wouma uja ukadali pakhonde, ndimayanikapo matawulo.