Malata a ku Njewa

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga anafolera nyumba yathu ya ku Nsungwi ndi malata. Ndinali mu Sitandade 5, nthawi imene zipani zambiri zinali zitangoyamba kumene. Denga lathu la udzu ndi mapepala linali litatheratu ndi matalala a dzinja lapitalo.

Bambo anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Joni. Kumeneko anzawo a ku Lesotho ankawasimbira za mapiri a kwawo, kumene chisanu chimagwa choyera ngati ufa n'kuunjikana padenga mpaka malata kupindika. Nkhani imeneyi inawakhala m'mutu, moti malata opyapyala a m'sitolo ankangowanyoza.

"Amenewa ndi mapepala," ankatero. "Ine ndikufuna geji yokhuthala, yoti ngakhale chisanu cha ku Lesotho chitagwa pano, denga lisagwedezeke."

Amayi ankangowayankha kuti ku Lilongwe kumagwa mvula basi.

Loweruka lina anafika ndi ngolo yodzaza malata akale, olemera, opakidwa penti wofiira mbali imodzi. Anati awapeza pa famu ina ku Njewa. Mbali inayo inali ndi zinthu zakuda zouma ngati makoko, zokhala ndi tiubweya toyera. Anawakhoma tsiku lomwelo osatsuka, poopa mvula, ena mbali yakudayo ili mkati, ena ili kunja.

Dzuwa la Okutobala litawotcha, fungo linayamba. Linali lowawasa, lonyansa, lokakamira pakhosi. Linalowa m'zofunda, m'ufa, mpaka mu yunifolomu yanga, moti mnzanga wa kusukulu anasiya kukhala nane pafupi. Ntchentche zobiriwira zinadzaza m'nyumba. Makoko aja ankasweka ndi kutentha n'kumagwera pamphasa, ndipo tsiku lina khoko limodzi linagwera m'mbale ya nyemba. Bambo anati vuto ndine, sindisesa bwino, ndipo anandikwapula ndi lamba.

Kenako mvula inayamba. Oyandikana nafe anali Amayi a Hawa, Asilamu a ku Mangochi, anzawo a amayi a ponda apa nane mpondepo. Nyumba yawo inali ya udzu, ndipo kumpopi kunali kutali, choncho ankabwera kudzatchera ndowa m'mphepete mwa denga lathu. Madziwo ankaoneka achikasu pang'ono, koma tonse tinkati ndi fumbi ndi penti. Iwo ankamwa, kuphikira, ndi kusamba omwewo asanapemphere. Nafenso tinkamwa.

Chinsinsi chinaululika ndi bambo wina wogulitsa makala, wochokera ku Njewa komweko. Atatsitsa thumba anayang'ana kudenga n'kuseka.

"Mayi, kodi malata a khola la nkhumba aja anathera kuno? Anali mpanda amenewa, nkhumba zinkadzikhula pomwepo."

Bambo atabwera kuntchito, amayi anawafunsa ine ndili pomwepo. Sanadzidzimuke n'komwe. Anapitiriza kumasula zingwe za nsapato.

"Ndinkadziwa. Chitsulo ndi chitsulo, mvula itsuka. Koma musawauze Amayi a Hawa, adzationa ngati anthu otani?"

Ndinathamangira kuseri kwa nyumba n'kusanza mpaka misozi. Ndikutukula mutu ndinaona amayi akutaya madzi a m'ndowa zonse, zathu ndi za Amayi a Hawa, kenako n'kulowera kwa anzawo aja atanyamula ndowa zawozo. Ndinawatsatira.

Amayi a Hawa anamvetsera ali chiimire. Sanakalipe. Analavula pansi, napukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

"Ndi ana anga omwe amwa, anzanga," anatero motsitsa mawu. Anatenga ndowa zawo n'kutseka chitseko.

Ine ndi amayi tinakwecha malata aja ndi mchenga, phulusa ndi sopo mpaka zala kusupuka, madzi akuda akutitsikira m'zigongono. Fungo linachepa, koma ndowa za anzathu sizinabwerenso. Patapita nthawi Amayi a Hawa anayambiranso kucheza ndi amayi, koma kwa bambo ankangopereka moni wa pamsewu. Bambowo sanapepese kwa aliyense mpaka tinasamuka.

Tsopano ndine mayi wa nyumba yangayanga, ndipo ndinasankha ndekha malata ake. Ndinafunsa za geji monga aliyense, koma ndinayamba ndafunsa kumene achokera. Ndinazindikira kuti denga si la mwini nyumba yekha, chifukwa madzi otsika pamenepo amakathera m'mitsuko ya anthu amene amakukhulupirira. Nkhumba zija sindiziimba mlandu, zinkangokhala monga nkhumba. Chimene chimandichititsabe nseru ndi munthu amene ankaona ana a mnzake akumwa madzi aja, iye n'kumawafunsa ngati adzuka bwino.