Chiseko cha Mayi Rukiya a pa Nsipe

Amayi a kumzikiti atandipempha kuti ndilembe mbiri ya malemu Mayi Rukiya Twaibu m'kapepala kawo ka mwezi uno, ndidati, "Ine wa Mvano ndilembe za Msilamu?" Iwo adati, "Nanga adakhala nawo pafupi kuposa inu ndani?" Ndidavomera. Ndine Esnath NaJere, ndipo benchi langa la mbatesi pa Nsipe lidagundana ndi lawo kuyambira tili ndi ana kumsana mpaka tonse titamera imvi.

Mayi Rukiya adabadwira ku Balaka m'banja la telala. Ali mwana adaphunzira Kurani kumadrasa, koma sukulu adalekera Sitandade 3 chifukwa mayi awo adadwala ndipo padalibe wina wolera ang'ono awo. Sadadandaulepo za kulerako, koma sukuluyo idawakhala pamtima. Ankati, "Ine sukulu ndidangoinunkhiza, ana anga adzaidya."

Kuno adabwera ndi ukwati. Bambo Twaibu adapita ku Joni, adabwerako ndi chifuwa, ndipo adamwalira ana anayi ali aang'ono. Mayi Rukiya adawalera onse ndi mbatesi za m'mbali mwa msewu. Nthawi ya swala ikakwana ankayala kamkeka kuseri kwa benchi n'kupemphera, kaya basi yaima kaya ayi. M'mwezi wa Ramadani ankasala ngakhale dzuwa liswe mtengo, komabe pothamangira makasitomala ankatisiya m'mbuyo ife okhuta.

Koma chiseko chawo, abale! Chinkamveka mpaka tsidya lina la msewu, moti madalaivala ankadziwa kuti afika pa Nsipe asanaone chikwangwani. Tidapangana kalekale kuti Lachisanu iwo akapita kumzikiti ine ndiziwagulitsira, ndipo Lamulungu iwo ankasunga mabenchi a Akhristu tonse. Pamaliro athu ankafika m'mamawa ndi nkhuni pamutu. Pamaliro a kwawo ndiwo ankasambitsa matupi a amayi anzawo, ntchito imene ambiri amaiopa.

Mayesero aakulu adawapeza atakula kale. Mwana wawo wamkazi adamwalira n'kuwasiyira mdzukulu, Sumaya. Mtsikanayu atafika Sitandade 7 adayamba kuvala hijabu, nsalu yofunda kumutu, monga agogo ake. Komiti ya sukulu yake idati imeneyo si yunifolomu, avule kapena akhale kunyumba. Sumaya adakhala kunyumba, mayeso akuyandikira. Ndidawaona Mayi Rukiya akuonda ndi nkhani imeneyi.

Masiku omwewo kudabwera atolankhani a kanema ochokera kutauni, akufuna kujambula za mavuto a amayi achisilamu. Mayi Rukiya adasangalala. "Asisi, Mulungu wanditumizira pakamwa!" adandiuza. Koma mnyamata wojambulayo, Eric, sadafune benchi la mbatesi. Adawatengera kuseri kwa nyumba, adawakhazika pansi pafupi ndi khola la mbuzi, n'kuwapempha kuti aziyang'ana pansi. Iwo akaseka, iye ankati, "Pepani mayi, musaseke, nkhaniyi ndi yachisoni." Poti mlendo sakanizidwa, adamvera. Adafotokoza bwinobwino za Sumaya ndi za komiti.

Kanemayo tidakaonera pagolosale ya Bambo Allan. Kalanga ine! Adangoonetsa nkhope yawo itazolika, mawu awo osamveka n'komwe. M'malo mwake munthu wina ankalankhula kuti amayi oterewa amatsekeredwa m'nsalu, satuluka pakhomo, ndipo ana awo aakazi amawaletsa sukulu. Ine mtima udandiwawa, ndidatsala pang'ono kuigenda ndi mbatesi kanemayo. Mayi amene ankathamangitsa mabasi tsiku lililonse, ati satuluka pakhomo! Choipitsitsa, wapampando wa komiti, Bambo Gracian, adapeza pogwira. Ankauza anthu kuti, "Mwaona? Ife tikufuna kumupulumutsa mwanayo." Sumaya adalira, ndipo adaleka ngakhale kupita kumjigo.

Tsiku lotsatira Mayi Rukiya sadaseke, ndipo msika wonse udachita ngati pali maliro. Adapemphera swala zawo zonse mwakachetechete. Ndidawamva akungoti, "Alhamdulillah, Mulungu atamandike, Iye amaidziwa nkhope yanga."

Lachinayi tidatuluka ku Mvano titavala yunifolomu yathu, mabulauzi oyera ndi maduku oyera kumutu. Tikudutsa pamsika, Mayi Rukiya adatiyang'ana, adatiyang'ananso, kenako chiseko chija chidaphulika.

"Asisi NaJere, nanunso akutsekerani? Wakumangani mitu nonsenu ndani?"

Tidagwira maduku athu n'kuyamba kuseka nafenso.

"Musavule," adatero akupukuta misozi. "Lachinayi likubwerali mundiperekeze kusukulu momwe mulilimu."

Adabwereka foni yanga n'kumuimbira Eric. Sadamukalipire ayi. Adangoti, "Mwana wanga, paja udatenga theka la nkhope yanga. Theka linalo udaliiwala kuno, ubwere udzatenge." Mnyamatayo adachita manyazi, koma adabwera.

Tidapita gulu, a Mvano, amayi achikatolika ndi maduku awo, ndi amayi a kumzikiti, Sumaya ali pakati. Mayi Rukiya adagwada mwaulemu pamaso pa komiti n'kunena kuti, "Bambo, ine ndidalephera sukulu, ndipo zimandiwawa mpaka lero. Mwana uyu sindikumuletsa ine. Nsaluyi yaphimba tsitsi lokha, mutu uli momwemo. Mulekeni alembe mayeso."

Bambo Gracian adayamba kufotokoza za kanema ija, koma mkazi wawo, Mayi Selestina, adali m'gulu lathu, duku lili nga! kumutu. Adadzuka n'kufunsa, "Bambo a kunyumba, nanenso mundipulumutse? Bwerani mundivule pompano." Anthu adaseka mpaka aphunzitsi adatuluka m'makalasi. Bambo Gracian nawonso adalephera kudzigwira. Adagwirizana kuti Sumaya, ndi mtsikana wina aliyense wofuna, azivala hijabu ya mtundu wa yunifolomu. M'mawa mwake Sumaya adalawirira kusukulu ngati kukagawidwa shuga.

Eric adajambula zonsezo, ndipo adakhalanso pamsika mpaka madzulo. Ulendo uno kanema idaonetsa Mayi Rukiya akuthamangira basi, beseni lili pamutu, akuseka. Adalankhulanso ndi mawu awo za atsikana osiya sukulu ndi za amayi amasiye. Kuyambira pamenepo atolankhani akabwera ankawauza kuti, "Mavuto tili nawo, ndipo ndikuuzani ndekha. Koma mundijambule nditaimirira."

Zaka zomaliza miyendo idawakana, benchi adasiyira mpongozi wawo. Ankapempherera pampando, ndipo ana a m'mudzi, Akhristu ndi Asilamu omwe, ankadzaza pakhonde pawo. Sumaya adapitirira mpaka kusukulu ya uphunzitsi. Ramadani yapitayi adabwera kudzawauza kuti amutumiza kukaphunzitsa pasukulu yomwe ija idamubweza. Agogo ake adaseka mpaka kutsokomola, nati, "Basi, tsopano ndakhuta."

Adamwalira Lachisanu lotsatira, atamaliza swala ya masana, mwakachetechete ngati munthu wopumira pamthunzi. Kumaliro kudadzaza mahijabu ndi maduku, moti mlendo sakadadziwa kuti wamwalirayo ngwa mbali iti. Mulungu amene adamutumikira awalandire ndi chifundo.

Ine ndawasowa kwambiri, sindibisa. Koma m'mawa uliwonse Sumaya amadutsa pabenchi langa, hijabu kumutu, choko m'manja, ana akumuthamangira. Dzulo ndidamuseka kuti, "Aphunzitsi, akutsekeranitu!" Adaseka, ndipo dalaivala wina amene adaima tsidya lina la msewu adasuzumira pazenera n'kufunsa, "Kodi Mayi Rukiya abwerera?"