Kazitape wa pa chilumba cha migwalangwa itatu

Ndikukumbukira chaka chimene ndinatsala pang'ono kuphetsa munthu chifukwa cha pepala lokulungira mandasi. Ndinali Sitandade 4, kwathu kufupi ndi Liwonde, mbali ya Machinga, kumene Shire akasefukira dambo lonse limadzaza madzi ndipo pakati pake pamangotsala kachilumba ka migwalangwa itatu. Mpaka lero ndikaziganiza ndimayamba ndasuzumira kaye pamene wagona mwana wanga.

Amayi ankakazinga mandasi, ine ndinkagulitsa ndikaweruka kusukulu. Mapepala okulungira ankawagula kumsika wa Balaka, nyuzipepala zakale, makope a ana a eni ake, chilichonse. Tsiku lina anabwera ndi chibuku chachingelezi chonenepa ngati njerwa, chonunkha nkhungu. Pachikuto panali mwamuna wa magalasi akuda, mfuti kumanja, akuthamanga pakati pa mitengo yonga migwalangwa, kumbuyo kwake madzi okhaokha. Amayi sanachiyang'ane n'komwe, anangoti mapepala ake ndi opyapyala, akwanira mandasi a miyezi iwiri.

Amene anachiyang'ana ndi malume anga aTwaibu, a kabaza, omwe mudzi wonse unkawatcha aTicha chifukwa ankati Chingelezi anachimwera kusiteshoni ya sitima ku Balaka. Masana alionse ankakhala pansi pa mtengo wa mango pomwe ndinkaika beseni, ndipo munthu akagula ndasi, asanachoke, malume ankabwereka pepalalo, kuliwongola pabondo mafuta ali noninoni, n'kutimasulira. Nkhani yake inali yakuti kazitape wina anagalukira mabwana ake, anathawa ndi zinsinsi za boma n'kukabisala pachilumba chotentha, ndipo anzake akumusaka. Vuto linali lakuti amayi ankang'amba paliponse pamene dzanja lagwa. Ndiye Lolemba kazitapeyo anafa, Lachiwiri anali kudya nsomba kuhotela, Lachitatu n'kuti akungolembedwa kumene ntchito. Malume ankati ndi mmene amakhalira akazitape, safa kamodzi. Anthu anayamba kugula mandasi alibe njala, kungofuna kumva.

Tsono pa kachilumba kathu kaja panali bambo wina, aJuwawo, amene anabwera chaka chomwecho kudzalima mpunga. Ankakhala okha m'kachisakasa, osalankhula zambiri, ndipo ankavala magalasi akuda ngakhale kukhale mitambo. Lachisanu lililonse ankaoloka pabwato kudzagula mandasi awiri, koma ankandipempha mapepala asanu. Osati a nyuzipepala, iyayi, a m'buku lomwelo, ndipo osakhudza mafuta. Ankawapinda bwinobwino n'kuwaika m'thumba la shati.

Ine ndinabadwa wamantha, ndipo munthu wamantha maso ake saphonya kanthu. Chilumba, migwalangwa, madzi, magalasi, zonse zinagwirizana m'mutu mwanga. Ndinawanong'oneza malume kuti kazitape uja ndi aJuwawo. Iwo sanandidzudzule, ndipo m'mawa mwake pepala linayamba kunena kuti kazitapeyo amakonda mpunga. Tsiku linalo linati ali ndi bwato long'aluka kutsogolo. Sabata isanathe linati amatsimphina mwendo wamanzere, ndendende mmene ankatsimphinira aJuwawo. Ine thupi lonse tsembwe, kudabwa kuti azungu akutali chonchi anadziwa bwanji za mwendo wa munthu.

Nkhani inafika kuchigayo, inafika kumjigo. Mayi wina anati anamva wailesi ikulankhula pansi pa madzi. Bambo wina anati mbuzi yawo yosowa ija ili m'gulu la zinsinsi zomwezo. Aliyense amene anataya kanthu chaka chimenecho anadziwa tsopano kumene kanapita. Loweruka m'mawa amuna asanu ndi mmodzi anasonkhana padoko ndi zibonga ndi chingwe, wina ndi botolo la parafini, akuti akamumange, chisakasacho achiotche, mpungawo auzule. Apo m'pamene ndinazindikira kuti munthu akhoza kufa ndithu, ndipo chomupha ndi pakamwa panga. Ndinafuna kuthawa koma anandigwira mkono, akuti mboni ndine, n'kundikweza m'bwato ndi beseni langa lomwe. Malume anati ali ndi kasitomala wowadikira, koma nawonso anawakweza, akuti womasulira sangatsale.

Ulendo waufupi uja unatidyera m'mawa wonse. Nkhafi inali imodzi, enawo ankapalasa ndi zibonga, ndipo bwato linkangozungulira pamalo amodzi ngati galu wofuna pogona. Tinakodwa mu namasupuni kawiri. Mvuu itafwenthera chapatali, mwini parafini uja anadziponya chafufumimba m'bwato, botolo n'kugwera m'madzi. Dzuwa litakwera njala inawagwira, anayamba kudya mandasi a amayi, ndipo munthu wotafuna ndasi ukali umamuvuta kuusunga. Malume okha sanadye. Anali thukuta kamukamu, akuyang'ana madzi ngati akufuna kutsikira pomwepo.

Tinawapeza aJuwawo atakhala pa chitsa, akuingitsa mbalame mumpunga pokoka chingwe cha zitini. Anatilonjera mwaulemu, nafunsa ngati kumudzi kwagwa zovuta. Wamkulu wa gulu lathu, aYusufu, anawalamula kuti atulutse mapepala a boma. AJuwawo anapisa m'thumba, anatulutsa pepala limodzi, analing'amba pakati, anathirapo fodya wa chingambwe, kupichira, kunyambita m'mbali, n'kuyatsa. Tonse kukamwa yasa, kuonerera zinsinsi zikutuluka m'mphuno.

"Pepala ili ndi labwino, achimwene," anatero. "La nyuzipepala limandikanda pakhosi."

Koma aYusufu sanakhutire. Munthu waoloka madzi onsewo sangabwerere chimanjamanja. Analanda theka lotsalalo napatsa malume kuti awerenge pamaso pa mwini wake, makamaka paja pakunena za mwendo. Malume analigwira, milomo ikuyenda koma mawu osatuluka. Wina anali atayamba kale kumasula chingwe, wina wazungulira kumbuyo kwa aJuwawo. Ine ndinayamba kulira, ndinawakoka malume shati, ndikuti malume nenani, chonde nenani, ngakhale sindinkadziwa chimene ndikufuna kuti anene.

"Za mwendo mulibemo," anatero malume motsitsa mawu. "Za mpunganso mulibemo. Ine m'buku monsemu ndimadziwamo mawu atatu. Zinazo ndinaonera pachikuto."

Kenako aJuwawo anavula magalasi, tinaona diso limodzi loyera ngati mkaka. Anati linapsa ndi mafuta pamene ankaphikira ansembe achizungu ku Balaka, ndipo kumeneko ndiko anaphunzira kuwerenga. Anatenga kapepalako, anakayandikiza ku diso labwinolo, nawerenga Chingelezi chosalala ngati cha pa wailesi. Anati apa kazitape akudandaula kuti udzudzu wamuluma, ndipo akufunsa wantchito ngati malaya ake auma. AYusufu, chibonga chidakali m'manja, anafunsa ngati pomalizira pake anamugwira. AJuwawo anapepesa kwambiri, anati mapeto anawasuta sabata yatha osawerenga, tsiku limenelo mbalame zinali zambiri.

Wina anayamba kuseka, wina anatsatira, chingwe chija anamangira bwato. Amuna obwera kudzazula mpunga anathera masana onse akuthandiza kuingitsa mbalame, chifukwa panalibe wofuna kutsogola kukafotokoza kumudzi. UTicha wa malume unathera pachilumbapo, anthu anayamba kuwatcha aMawuatatu, ndipo ankayankha. Ine amayi anandikwapula chifukwa cha mandasi awo. Za munthu uja palibe anandikwapula, ndipo mwina n'chifukwa chake zikundipwetekabe. AJuwawo anakolola mpunga wawo, anatitumizira kathumba, chaka chotsatira sanabwerenso.

Masiku ano ndikukhala ku Phalula, wakhanda kumsana, ndipo nkhani zoterezi sizibweranso pa pepala. Zimabwera pafoni, ndi chithunzi chomwe, akuti uyu akuba ana, tumizani kwa aliyense. Dzana inabwera ina, ya bambo wachilendo amene akuti akungoyendayenda m'mbali mwa msewu akusuzumira m'makomo. Ndinamuvumbatira mwana wanga, chala chinali chitafika kale potumizira, chifukwa ine ndinakula koma mantha anga akadali achibwana. Ndiye ndinaganiza kuti aJuwawo sanapulumuke ndi nzeru za munthu, anapulumuka ndi madzi ambiri ndi nkhafi imodzi. Pafoni palibe namasupuni wokukola. Foniyo ndinaikwirira m'thumba la chimanga, ndinatseka chitseko, ndinadzipatsa m'mawa wonse, mwana ali pachifuwa, khutu lili kumsewu.

Masana mlamu wanga anagogoda. Anati bambo uja ndi wogula nandolo, ali panja ndi sikelo yake, akufunsa ngati tili naye wouma.