Meshi M'mutu mwa Achemwali

Kupota ndinaphunzira kwa bambo anga, osati ku saluni. Kwathu ku Dedza bambo ankapota zingwe za khonje zomangira mbuzi, ine nditakhala pambali. Ankatenga mbali ziwiri, iliyonse n'kuipotera kumanja payokha, kenako n'kuzipingasa kulowera kumanzere. Chingwe chotero ukachikoka chimangolimbirako. Nditakula ndinapeza kuti tsitsi nalo limamvera lamulo lomwelo, ndipo ku koleji anzanga ankandifolera Loweruka lililonse kuti ndiwapote matwisti. Ndinkanyada nalo luso limeneli, sindibisa.

Boma litanditumiza kukaphunzitsa pa sukulu ina kufupi ndi Nkhudzi, nyumba za aphunzitsi ndinapeza zitadzaza, ndiye ndinachita lendi m'mudzi. Mpanda wanga unali womwewo wa banja lina lachisilamu. Mayi wa m'nyumbamo ankandiposa ndi zaka ziwiri zokha, ndipo ntchito yake inali kuyanika usipa pamathandala n'kukagulitsa ku boma. Tinadziwana pamjigo tsiku lomwe ndinkakangana ndi mayi wina amene anasuntha chidebe changa pamzere. Ndili pakati polalata, ndinamva munthu akuseka kumbuyo kwanga.

"Amadamu, mtima wanuwu mumagona mutauteleka pambaula?"

Ndinatembenuka kuti ndimuyankhe nayenso, koma nkhope yake inandigonjetsa, ndinangoseka. Kuyambira pamenepo iye ankanditchula amadamu, ngakhale pondinyogodola, ine n'kumamutchula achemwali. Za mtima wapachalawo sananame. Ndinabadwa nawo, ndipo ana a m'kalasi mwanga angachitire umboni.

Tsitsi la achemwali ndinaliona patatha miyezi ingapo, tsiku lina atavula mpango kuseri kwa nyumba kuti apese. Ndinamva chisoni. Chibadwire mwana wawo wachitatu linkangothothoka, makamaka kutsogolo ndi m'mbali mwa makutu, ndipo lotsalalo linali louma ngati udzu wa mu Okutobala. Dzuwa la kumathandala, mchenga, utsi, ndiponso mpango womangidwa zolimba tsiku lonse, zonsezi zinkalidya.

"Bwerani kuno, mutu uwu mwaulakwira mokwanira," ndinatero.

Anandiuziratu lamulo lawo asanakhale pansi. Tsitsi lawo lokha, popanda meshi. Anati chipembedzo chawo sichilola kulumikiza tsitsi lomwe si lako, komanso madzi ayenera kufika pakhungu posamba. Ine ndinati palibe vuto, matwisti abwino safuna zowonjezera. Ndinkagawa tsitsi m'timagawo, kulidzoza mafuta, n'kulipota mosakoka kuti lipume, lisamakhudzidwe ndi chipeso tsiku ndi tsiku. Pakatha milungu itatu tinkamasula, kutsuka, n'kupotanso.

Masiku amenewo ndimawasowa. Ankakhala pamkeka pakati pa maondo anga, fungo la usipa lili m'zovala, n'kumandiphunzitsa Chiyao chomwe ndinkachiphotchola dala kuti aseke. Nthawi zina nkhani inkaduka pakati, ndikasuzumira ndikupeza agona, tsaya lili pabondo langa. Ndinkapitiriza kupota pang'onopang'ono kuti ndisawadzutse. Patatha chaka, kunkhongo tsitsi linabwerera ndithu. Kutsogolo kokha n'komwe kunkachita makani.

Amuna awo anali ku Joni, ndipo chaka chimenecho chinali chachinayi. Madzulo ena achemwali anandionetsa chithunzi pafoni, chimene wina wofuna kuwapweteka mtima anawatumizira. Panali amuna awowo, ndipo pambali pawo panali mkazi wopanda mpango, tsitsi lofika pamsana.

"Ndi meshi iyi, achemwali, musadzivute. Ndiponso sanamuluke bwino," ndinatero.

Sanaseke. Anangoyika foni m'thumba n'kufunsa za mayeso a ana.

Kenako uthenga unabwera woti bamboyo abwera pa chikondwerero cha Idi. Loweruka lotsatira achemwali analowa m'nyumba mwanga ndi jumbo ya tomato, n'kutseka chitseko okha. Anakhuthula tomato patebulo. Pansi pake panali mapaketi atatu a meshi yakuda, yomwe anaigula ku boma kumene kulibe owadziwa.

"Ee, ahaji akazi, lero mwasintha mpingo?" ndinawaseka.

"Musandiseke, amadamu. Ndikudziwa kuti n'zolakwa. Koma akabwera, ndikavula mpango, apeze chiyani? Dazi? Milungu iwiri yokha, akangoona timasula. Mulungu andikhululukira."

Ndinawauza kuti mwamuna wothawa dazi athawanso tsitsi, koma sanandimvere. Anandigwira dzanja.

"Walahi, musauze munthu. Apongozi anga akamva, ine m'mudzi muno ndatha."

Ndinalonjeza. Ndinachita kulumbira, ndi chala kuloza kumwamba.

Tinayamba m'mawa, tinamaliza dzuwa litapendeka. Ndinakolowetsa meshi pamizu mosamala, kutsogolo ndinaika timatwisti tating'ono topepuka kuti tisazule totsalato, nsonga ndinaviika m'madzi otentha kuti zisamasuke. Ndinaikapo luso langa lonse. Atadziyang'ana pagalasi anagwira pakamwa, n'kupukusa mutu kuti zingwezo ziwamenye m'mapewa, kenako anaseka mpaka misozi. Ndinati ndiwajambule, anakana. Anazikulunga, kumanga mpango, n'kutuluka ngati munthu amene anangobwera kudzapempha mchere.

Idi inafika, bamboyo sanabwere. Anati mapepala avuta, abwera mwezi ukatha. Ndinawauza achemwali kuti timasule tidzapotenso, iwo anati ayi, nanga akangotulukira mawa. Milungu inakwana isanu.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Lachiwiri lina m'mawa ndili m'kalasi, mayi wina wa kumathandala anaima pakhomo akulira. Achemwali anagwa akutembenuza usipa. Ankadwala kuthamanga kwa magazi, ndipo mankhwala ankamwa mwa apo ndi apo ngakhale ndinkawakalipira. Anamwalira m'galimoto asanafike kuchipatala. Choko ndinachipeza ndili kale panjira chili m'dzanja langa, chitanyowa.

Asilamu sagoneka maliro. Pamene ndinkafika kumudzi, amuna anali atapita kale kukakumba, ndipo zinamveka kuti aika ikatha swala, pemphero lawo la masana. Ndinakhala pansi pakati pa amayi panja, ndikulira mnzanga. Ndili pakati polira ndinakumbukira za meshi ija m'mutu mwake. Thupi linali kuchipinda, ndipo amayi osambitsa anali atalowa kale. Ine Mkhristu, mlendo, ndikanalowa ndi chifukwa chanji? Ndinangokhala, ndikupemphera pemphero lopusa loti asavule mpango.

Sipanapite nthawi, chitseko chinatseguka. "Amadamu alowe."

M'chipindamo munali amayi atatu. Panali mayi wachikulire wosambitsa maliro, panali apongozi a achemwali, ndiponso mayi awo owabereka, amene anabwera kuchokera ku Chowe kudzadya Idi ndipo anali asanabwerere. Achemwali anawafunditsa nsalu mpaka m'khosi. Mpango unali pansi, ndipo matwisti anga anali atamwazika pamkeka, okongola ngati tsiku lomwe ndinawapota.

Mayi wosambitsayo ndiye analankhula, mosakweza mawu. Anati tsitsi la mkazi liyenera kumasulidwa, kutsukidwa, n'kulukidwa patatu asanamuveke sanda, nsalu yoyera ya maliro, ndipo chachilendo chilichonse chiyenera kuchoka. Iwo anayesa kumasula koma akakoka zinkangolimba, ndipo tsitsi la womwalira sadula ndi sizasi. Nthawi nayo inali kutha.

Ndinagwada, n'kunyamula mutu wa achemwali kuuika pamaondo anga monga kale. Unali wolemera, wozizira. Ndinayamba kumasula, kubweza chingwe chilichonse kumene chinachokera. Meshi inkaunjikana pambali panga. Ndipo kutsogolo kuja, kumene kunatikanira chaka chathunthu, ndinapeza timatsitsi tatsopano tofewa titamera pansi pa matwisti. Ndinalira mokweza.

"Mukulira chiyani?" anatero apongozi aja. "Si ntchito ya manja anu iyi? Mumabwera kuno ndi zikhalidwe zanu, mwana wathu ankaswali bwinobwino, lero taonani. Milungu yonseyi amagwada pamaso pa Mulungu ndi tsitsi la eni. Aphunzitsi otani ophunzitsa anthu uhule?"

Ndinaluma mano, ndikumasulabe. Anapitiriza. Anati ndine wosakwatiwa n'chifukwa chake ndimasokoneza mabanja a anzanga. Anati kwathu kumapiri anandithamangitsa. Makutu anga anayamba kutentha, ndipo ndinkadziwa bwino chomwe chimatsatira akatentha choncho.

Pamenepo mayi awo a achemwali anandigwira pamkono. Anandiyang'ana m'maso, n'kulankhula pang'onopang'ono.

"Mwanangu, iyeyu sanadziwe, eti? Munangomuika inu osamuuza bwinobwino, eti?"

Lero ndimadziwa chomwe ankachita mayi aja. Sankandiimba mlandu. Ankadziwa mwana wawo, ankadziwanso kuti munthu sangasenze mapaketi atatu a meshi osadziwa. Ankangofuna mawu amodzi oti atuluke nawo panja, oti mwana wawo anapusitsidwa, apite wopanda banga. Ndikanangoti ee, nkhani ikanathera pa ine. Koma ine ndinamva ngati nawonso alowa mbali ya apongozi, kuti atatu onse andiunjikira, ndipo mtima wanga uja unawira.

"Ine ndipusitse munthu wamkulu? Anagula yekha ku boma, anabwera nayo yekha atabisa pansi pa tomato, anachita kundigwira dzanja kundipempha! Ndipo mukudziwa chifukwa chake? Inu apongozi, mwana wanu uja ali ndi mkazi wina ku Joni, wa tsitsi lofika pamsana. Uyu amafuna kupikisana naye. Muzifunsa kaye musanatukwane anthu!"

Sindinalankhule monong'ona. Mawu a mphunzitsi amafika kumbuyo kwa kalasi ya ana ochuluka, ndipo zenera la chipindacho linali la matabwa, lotsegula pang'ono. Kulira kwa amayi panja kunadukiza. Mayi aja anachotsa dzanja lawo pamkono panga, n'kukonza nsalu pakhosi pa mwana wawo, ngakhale inali bwinobwino.

Mutu wa achemwali unali ukadali pamaondo anga. Panatsala matwisti asanu ndi limodzi, ndipo ndinawamasula onse. Nditamaliza, mayi wosambitsayo anandiuza kuti ndatha ntchito yanga, ndingathe kutuluka. Ndinakulunga meshi ija m'chitenje, n'kudutsa pakati pa amayi onse aja, aliyense akuyang'ana pansi.

Thupi litanyamulidwa pa jeneza kupita kumanda ndinaionera pampanda wanga. Sindinabwererenso pamaliropo.

Nkhani inayenda mudzi wonse mawa lake lisanafike. Pamjigo anthu sankanena za usipa wa achemwali umene sunkakhala ndi mchenga, kapena za ana amasiye omwe ankawadyetsa pakhomo pawo. Ankangoti, uja anafa ndi meshi uja, uja ankalimbana ndi mkazi wa ku Joni uja. Ena ankatsutsana ngati swala zake za milungu isanu zinalandiridwa. Mwana wawo wamkazi woyamba anali m'kalasi mwanga, ndipo anzake anamufunsa zomwezo pabwalo. Anasiya kundiyang'ana kumaso mpaka chaka chinatha. Ine amene anandinenera za uhule, mudzi unandiiwala msanga. Dzina lomwe linatsala m'kamwa mwa anthu linali la mnzanga.

Nditamva kuti mayi aja akubwerera ku Chowe, ndinalimba mtima n'kupita. Ndinawapeza pakhonde akumanga katundu wawo m'chitenje. Ndinagwada patali, n'kunena kuti ndinalakwa, kuti apongozi aja ndiwo anandipsetsa mtima, kuti zomwe ndinanenazo zinali zoona koma sindinayenera kuzinena.

Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

"Zoona zake ndinkazidziwa, mwanangu. Ndinaziona tsiku lomwe ndinafika, akusamba. Sindinakufunseni kuti mundiuze zoona."

Anamanga mfundo ya katundu wawo, n'kuikoka kuti ilimbe.

"Inu muli moyo. Mukanavomera, tikanakunenani sabata imodzi, mukanabwera kudzapepesa monga mwabwereramu, ife n'kukukhululukirani. Nanga uja, akapepesa kwa yani?"